Za Kusamba m'Nkhalango

Lero tikambirane za mwambo wina wochokera kutali, kudziko la Japan, umene pa zaka zapitazi wafalikira ku Ulaya, ku America ndi kwina, kufikira kuti madokotala ena ayamba kulembera odwala ao mwambowu monga momwe amalembera mankhwala. Eni ake amautcha shinrin-yoku, ndiye kuti kusamba m'nkhalango.

Tikudziŵa kuti dzina lokhali ladzidzimutsa kale ena mwa inu. Kwathu kuno ikamveka mbiri yoti uje wakasamba kuthengo, palibe amene amaganiza za sopo ndi chinkhupule. Tonse timaganiza za munthu wochokera kwa sing'anga ndi kaphukusi ka mizu, atalamulidwa kuti akasambire pachulu kapena pamphambano pakati pa usiku, ndipo pobwerera asacheuke. Tsono mitima ikhale pansi. Kusamba kumene tikunenaku kulibe madzi, kulibe mizu, ndipo munthu savula ngakhale malaya. M'chiyankhulo cha ku Japan liu loti yoku, kusamba, amalinenanso pa munthu wokhala padzuŵa: iwo amati akusamba dzuŵa, pamene ife timati akuothera dzuŵa. Tikadakhala ife otcha dzina, mwina tikadati kuothera nkhalango, pakuti monga nkhalamba imakhala pakhonde m'maŵa wa nyengo yozizira, osachita kanthu, nkungolola kuti dzuŵa liloŵe m'mafupa, momwemonso munthu amakakhala pakati pa mitengo nkulola kuti nkhalangoyo imloŵe m'maso, m'makutu ndi m'mphuno.

Kachitidwe kake nkapafupi, mwina nchifukwa chake ambiri akangomva amayamba aseka. Munthu amaloŵa m'nkhalango wopanda nkhwangwa, wopanda agalu, wopanda dengu la boŵa, ndipo foni amazimitsa. Sakhala ndi kumene akuthamangira. Pa maola aŵiri athunthu amangoyenda makilomita aŵiri kapena atatu, mtunda umene mwana wa sukulu amautsiriza pa theka la ola. Amayenda pang'ono nkuima. Amayang'ana m'mene kuŵala kukudutsira m'masamba, amamvetsera madzi m'khwaŵa ndi kulira kwa mbalame, amakhudza khungwa la mtengo, amanunkhiza dothi lonyoŵa, kenaka amakhala pachitsa kapena pamwala, duu, osayankhula. Amene akufuna kukafika pansonga pa phiri kuti akajambulitse chithunzi, kapena amene akutuluka thukuta kuti achepetse thupi, akuchita zabwino ndithu, koma zimenezo ndi zina.

Poti dzinali likumveka ngati la makedzana, ambiri amayesa kuti ndi mwambo wosiyidwa ndi makolo a anthu a ku Japan. Nzoona kuti anthu akumeneko akhala akulemekeza mapiri ndi mitengo kuyambira kale, komatu dzina loti shinrin-yoku ndi la dzulodzuloli. Lidapangidwa m'chaka cha 1982, ndipo wolipangayo adali munthu wa muofesi, Tomohide Akiyama, mkulu wa nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango. Dziko lake pa nthaŵiyo lidali ndi mavuto aŵiri, ndipo sitingamvetse za mwambowu popanda kuŵaona onse aŵiri.

Vuto loyamba lidali la nkhalango zenizenizo. Magawo aŵiri mwa atatu a dziko la Japan ndi nkhalango, pakuti dzikolo ndi lamapirimapiri. Pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ndi zaka zotsatira 1945, mapiri ambiri adametedwa mpala, poti matabwa ankafunika omangiranso mizinda imene idapsa ndi mabomba. Boma lidalimbikitsa anthu kubzala mitundu iŵiri ya mitengo ya matabwa, sugi ndi hinoki, imene ili pachibale ndi mkungudza wathu, ndipo anthu adabzaladi mwakhama, kotero kuti lero magawo pafupifupi 4 mwa 10 a nkhalango zakumeneko ndi zochita kubzala. Koma mitengoyo isanakhwime, m'chaka cha 1964, boma lidatsekula zipata kuti matabwa otchipa ochokera kunja aziloŵa momasuka. Kuchokera mu 1980 mtengo wa matabwa a m'dzikomo udayamba kugwa. Tinganene kuti mtengo udatha mtengo. Achinyamata anali atasiya kale midzi ya kumapiri kukagwira ntchito ku Tokyo ndi ku Osaka, m'midzi mudatsala nkhalamba, ndipo nkhalango zidasoŵa ozisamala. Ganizo la anthu a Akiyama lidali lakuti munthu wa m'tauni akaloŵa m'nkhalango nkuimva kukoma, adzafuna kuti itetezedwe.

Tingodutsa pa chinthu china chomvetsa chisoni, ngakhale chili choseketsa. Mitengo ya sugi ija itakula idayamba kutulutsa mungu wochuluka zedi, ndipo chaka ndi chaka, kuyambira February mpaka April, anthu pafupifupi 4 mwa 10 a m'dzikomo amavutika ndi kuyetsemula, mamina ndi kuyabwa kwa maso. Mu 2023 boma lidalengeza kuti pa zaka 10 lichepetsa minda ya sugi ndi gawo limodzi mwa asanu. Nkhalango yomweyo imene ikupumitsa wina, mnzake ikumliza misozi. Walira mvula walira matope.

Vuto lachiŵiri lidali la anthu. Chuma cha Japan chidakula mwa liŵiro lodabwitsa dziko lonse, koma amene adalipira ndi matupi a antchito. M'maŵa kuthithikana m'sitima, tsiku lonse muofesi kapena m'fakitale, kuŵeruka usiku ana atagona kale, maŵa chimodzimodzi. Mu 1969 mnyamata wa zaka 29, wogwira ntchito yotumiza nyuzipepala pa kampani ina yaikulu, adafa mwadzidzidzi ndi sitiroko, ndipo imfa yake imaŵerengedwa kuti ndiyo yoyamba kudziŵika ya mtundu umenewu. Imfa zotere zidachuluka mpaka zidapatsidwa dzina lakelake, karoshi, ndiye kuti kufa ndi ntchito, ndipo mu 2014 Nyumba ya Malamulo idachita kukhazikitsa lamulo lolimbana nazo. Tsono onani: uku nkhalango zopanda anthu, uko anthu opanda mpumulo. Nzeru idali yoti aŵiriŵa akumane.

Msonkhano woyamba wa kusamba m'nkhalango udachitika chaka chomwecho cha 1982 m'nkhalango ya Akasawa, m'chigwa cha Kiso, chigawo cha Nagano, m'mene muli mitengo ya hinoki ya zaka pafupifupi 300. Mitengoyi sidafike msinkhu umenewu mwamwai. Kumapeto a zaka za m'ma 1600 ndi kumayambiriro a m'ma 1700, itatsala pang'ono kutha ndi omanga malinga ndi nyumba za mafumu, olamulira dera limenelo adaika malamulo oopsa, mpaka lina loti wodula mtengo umodzi mwa mitundu isanu yoletsedwa akhoza kulipira ndi mutu wake. Sitikuyamikira nkhanza zimenezi, pakuti amene adazimva kuŵaŵa ndi alimi osauka, amene nkhalangoyo idali moyo wao. Tikungonena kuti mthunzi umene antchito otopa a mu 1982 adakapumamo udali wosungidwa ndi mibadwo khumi, ndipo udasungidwa ndi misozi.

Poyamba zonsezi zidali mau okopa anthu chabe, opanda umboni. Aliyense amadziŵa kuti m'nkhalango mumakoma, koma kodi kukomako nkotheka kukuyeza pa sikelo? Mmodzi mwa oyamba kuyesa adali Yoshifumi Miyazaki, amene pambuyo pake adakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Chiba. Mu 1990 adatenga anthu oŵerengeka kupita nao pachilumba cha Yakushima, pamene pali mitengo ya sugi ya zaka zoposa 1,000, ndipo atayenda m'nkhalangomo adaŵayeza malovu.

Mukufunsa kuti malovu alakwanji? Tamverani. Pamwamba pa impso zathu pali tiziŵalo tiŵiri timene timatulutsa madzi ena otchedwa cortisol. Munthu akakumana ndi njoka panjira, madzi ameneŵa pamodzi ndi anzake amathiridwa m'magazi: mtima umagunda msanga, mitsempha imakungika, shuga amachuluka m'magazi, mimba imayamba yaleka kugaya chakudya, thupi lonse lili kukonzekera kuthaŵa kapena kumenya. Njoka ikaloŵa m'udzu, thupi limabwerera m'malo mwake. Zimenezi nzabwino, ndipo popanda izo makolo athu akadatha ndi zilombo. Koma ngongole, lendi ya nyumba, ukali wa bwana ndi phokoso la mseu sizidutsa ngati njoka. Zimakhala pompo usana ndi usiku, ndipo thupi limasanduka uta wokokedwa umene mwini wake adaiŵala kukhwefula nsinga. Mapeto ake ndiwo kusoŵa tulo, kupsa mtima msanga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Tsono cortisol amaonekeranso m'malovu, kotero kuti dontho limodzi limaulula m'mene utawo wakungikira.

Kafukufuku wamkulu wa Miyazaki ndi anzake adasindikizidwa mu 2010. Adayenda m'nkhalango 24 za m'dziko lonse la Japan, ndi anyamata a pa yunivesite okwana 280. Pamalo paliponse ankaŵagaŵa paŵiri: gulu lina kunkhalango, gulu lina pakati pa tauni, m'maŵa mwake nkusinthana. Aliyense ankayenda pafupifupi kotala la ola, nkukhalanso pansi nthaŵi yonga yomweyo akungoyang'ana. Adapeza kuti m'nkhalango cortisol ankachepa ndi magawo 13 mpaka 16 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi m'tauni, mtima unkagunda modekha, ndipo kuthamanga kwa magazi kunkatsika ndi magawo pafupifupi 2 pa 100. Nambala yotsirizayi muisunge, tibwererakonso.

Dokotala wina, Qing Li, wobadwira ku China koma wogwira ntchito pa sukulu ya zaudokotala ya Nippon ku Tokyo, adafufuza mbali ya fungo. Mtengo sungathaŵe chiswe kapena chuku, tsono umadziteteza potulutsa timafuta tonunkhira touluka mumpweya. Ndilo fungo limene mumamva mukafikisa tsamba la bulugama kapena la ndimu m'manja, kapena mukaloŵa m'munda wa paini dzuŵa lili pamutu. Katswiri wa ku Russia, Boris Tokin, ndiye adatcha timafutati dzina loti phytoncide cha m'ma 1930. M'magazi mwathu muli asilikali amitundumitundu, ndipo gulu lina, limene madokotala amalitcha NK, ntchito yake ndi kusaka ndi kupha maselo amene agwidwa ndi mavairasi kapena ayamba kusanduka khansa. Mu 2005 Qing Li adatenga amuna 12 ogwira ntchito m'makampani akuluakulu a ku Tokyo, nakakhala nao masiku atatu m'nkhalango za ku Iiyama. Poyeza magazi ao adapeza kuti mphamvu za asilikali aja zakwera ndi theka. Pa maulendo otsatira adaona kuti kukweraku kumakhalitsa kupitirira sabata, ndiponso kuti ulendo wokacheza mumzinda wina subweretsa kusintha kotere. Adafika mpaka pogoneka anthu m'hotela pakati pa Tokyo, usiku chipinda chikufukizidwa mafuta a hinoki, ndipo namonso asilikali aja adakwerako.

Apa ndipo pamene tiyenera kuyenda pang'onopang'ono, abale athu, pakuti nkhani yokoma imakula ikamayenda pakamwa. Amuna 12 ndi anthu ochepa kwambiri, sakwana nkomwe kwaya ya pa mphakati. Anyamata 280 aja adali athanzi, a zaka za m'ma 20. Sadali agogo odwala mtima. Poyesa mankhwala akumwa, dokotala amatha kupatsa ena mbulu weniŵeni, ena mbulu wa ufa chabe, odwala osadziŵa. Koma munthu sungamloŵetse m'nkhalango iye osadziŵa kuti ali m'nkhalango, ndipo amene wauzidwa kuti apeza bwino, kaŵirikaŵiri amamvadi bwino. Nanganso munthu amene wakhala masiku atatu kutali ndi bwana wake, akudya bwino, akugona mokwanira, tingadziŵe bwanji kuti chamuthandiza ndi fungo la mtengo osati tulo? Kukwera kwa asilikali a m'magazi pa sabata imodzi sikutanthauza kuti munthuyo sadzadwala khansa, ndipo palibe kafukufuku amene adaonetsa kuti nkhalango imachiza khansa. Tibwerere ku magawo 2 pa 100 aja. Bambo amene BP yao ili pa 160, kutsika kotereku kukuŵafikitsa pa 157, ndiye kuti akadali pangozi monga analiri m'maŵa. Tikupemphani ndithu, wina asataye mankhwala a kuchipatala ponena kuti adamva pa wailesi kuti mitengo imachiza.

Komabe tisataye nkhwangwa ndi mpini womwe. Umboni wina udachokera kwa anthu amene sankadziŵa nkomwe za shinrin-yoku. Mu 1984 Roger Ulrich wa ku America adafalitsa zimene adapeza m'mabuku a chipatala china cha ku Pennsylvania. Adasankha odwala 46 amene adachitidwa opaleshoni ya ndulu pakati pa 1972 ndi 1981. Theka la iwo zenera la chipinda chao linkayang'ana mitengo, theka lina linkayang'ana khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo ankatuluka atagona masiku pafupifupi 8, pamene oyang'ana khoma ankayandikira masiku 9, ndipo oyang'ana mitengo ankapempha mankhwala amphamvu opha ululu kochepa. Odwala ameneŵa sadanunkhize tsamba ngakhale limodzi, ankangoona ndi maso. Ndipo mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Exeter, ataŵerenga mayankho a anthu pafupifupi 20,000 a ku England, adapeza kuti amene amakhala maola aŵiri pa sabata m'malo a mitengo, udzu kapena madzi ndiwo ankanena kaŵirikaŵiri kuti ali bwino m'thupi ndi mumtima, kaya maolawo adaŵatenga tsiku limodzi, kaya pang'onopang'ono. Inde, wina anganene kuti wodwala ndiye sapita kokayenda, ndipo akunena zoona. Koma mitsinje ing'onoing'ono yonseyi ikutsikira kumodzi: phindu lilipo, ndi lapang'ono, ndipo limafuna kubwereza.

Ife chimene chatigwira mtima kopambana ndi kufotokoza kwa Rachel ndi Stephen Kaplan, mai ndi bambo a banja limodzi, akatswiri a za maganizo pa yunivesite ya Michigan, amene adalemba za nkhaniyi mu 1989. Iwo adati tcheru cha munthu chili paŵiri. Pali tcheru chokakamiza, cha kalaliki woŵerengera ndalama za eni ake, cha dalaivala wa minibasi pakati pa msika, cha mphunzitsi woyang'anira ana odzaza kalasi. Chimenechi chimatopa monga mkono utopa ndi khasu, ndipo chikatopa munthu amaiŵalaiŵala, amalakwitsa, amakalipira ana popanda chifukwa. Palinso tcheru chongobwera chokha, chimene chimakokedwa mofatsa ndi malaŵi a moto, madzi oyenda, mitambo, masamba ogwedezeka ndi mphepo. Pamene chachiŵirichi chikugwira ntchito, choyamba chija chimapuma. Ndani mwa ife sadakhalepo pamoto madzulo, akungoyang'ana makala, osaganiza kanthu kenikeni, nkudzuka mutu utapepuka? Foni imene timaiyesa chopumira sichita zimenezi, pakuti imakoka maso mwaukali, chithunzi pambuyo pa chithunzi, osapatsa mpata. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha; nkhalango ndi malo amene nkhono zake nzambiri ndipo palibe wokufulumiza.

Umboni utayamba kuoneka, mwambowu udayenda msanga. Kuyambira mu 2006 ku Japan adayamba kuvomereza nkhalango zina kuti ndi malo a chithandizo chotere, ndipo malowo adapitirira 60. Dziko la South Korea, limene lidabzalanso mapiri ake atatha kuyera ndi nkhondo ndi umphaŵi, lidatsekula malo aakulu a boma a ntchito imeneyi ku Yeongju mu 2016. Ku California, M. Amos Clifford adayambitsa bungwe lophunzitsa otsogolera anthu m'nkhalango mu 2012. Ku Canada, kuyambira mu 2020, madokotala a chigawo cha British Columbia adayamba kulembera odwala maola okakhala kunja, ndipo mliri wa Covid-19, umene udatsekera anthu m'nyumba miyezi yambiri, udangoonjezera ludzu. Chotisangalatsa ndi cha ku zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, kumene madokotala adayamba zomwezi mu 2018: kumeneko mitengo ndi yoŵerengeka chifukwa cha mphepo ya panyanja, tsono odwala amauzidwa kukayenda m'mbali mwa nyanja ndi kumvetsera mbalame.

Ku Germany mwambowu udapeza nyumba yosesa kale. Kumeneko kudali wansembe, Bambo Sebastian Kneipp, amene adabadwa mu 1821 namwalira mu 1897. Ali mnyamata wophunzira adadwala chifuwa chachikulu, ndipo adadziyesa yekha mankhwala omira m'madzi ozizira a mtsinje wa Danube nthaŵi yachisanu. Atachira, nakhala bambo mfumu wa parishi ya Wörishofen, anthu zikwizikwi ankabwera kwa iye, iye nkumaŵayendetsa opanda nsapato pa udzu wamame m'mamaŵa. Ameneyu ndiye ankasambitsa anthu ndi madzi enieni, ndipo sitikulangiza wodwala chifuwa aliyense kuti amtsanzire.

Pamene pali ludzu, ogulitsa madzi sasoŵa. Lero m'maiko olemera muli anthu olipiritsa ndalama zambiri kuti akuyendetseni maola atatu pakati pa mitengo, muli masukulu ogulitsa masatifiketi a utsogoleri umenewu, muli timabotolo ta mafuta a hinoki, muli ngakhale mapulogalamu a pa foni oliza mbalame za m'nkhalango m'chipinda chogona. Sitikunyoza otsogolerawo, munthu amene adakulira pa nyumba zosanjikizana, wosadziŵa kusiyanitsa njira ya anthu ndi ya nyama, amafunikadi womgwira dzanja. Koma tikaona anthu akugula ndi ndalama chinthu chimene agogo ao ankachipeza ulere pobwera kumunda, timakumbukira kuti chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa.

Tsono tifike pa funso limene inu akatekisiti mudzafunsidwa m'miphakati: kodi kumeneku si kupembedza mitengo? Funsoli lili ndi pogwira, pakuti m'chipembedzo cha makolo a ku Japan, cha Shinto, amakhulupirira kuti mizimu yotchedwa kami imakhala m'mapiri, m'miyala ndi m'mitengo ina ikuluikulu, imene amaimanga chingwe cha mapesi a mpunga posonyeza kuti njopatulika. Koma taona kale kuti shinrin-yoku idabadwira muofesi ya boma nikulira m'manja mwa madokotala. Mulibe nsembe, mulibe pemphero kwa mzimu uliwonse. Woothera dzuŵa sapembedza dzuŵa. Mneneri Eliya atatopa mpaka kulakalaka imfa, adagona patsinde pa kamtengo m'chipululu, ndipo chithandizo choyamba chimene adalandira chidali tulo, mkate ndi madzi. Mau a Mulungu adadza pambuyo pake. Pa mutu 6 wa Mthenga Wabwino wa Marko, Ambuye Yezu adatenga ophunzira ao kupita nao kumalo kopanda anthu kuti akapumule, poti ankasoŵa ndi mpata wodyera womwe. Francis Woyera wa ku Assisi, amene Papa John Paul II adamuika kukhala nkhoswe ya osamala zachilengedwe mu 1979, ankapemphera m'nkhalango za m'mapiri, ndipo kalata ya malemu Papa Francis ya mu 2015, Laudato Si', idatenga dzina lake ku nyimbo ya woyera ameneyu. Chokhacho nchakuti otsogolera ena a ku Ulaya ndi ku America amaonjezapo zaozao, zophunzitsa anthu kupempha chilolezo kwa mtengo kapena kuyembekeza kuti uŵayankhe. Pamenepo mkhristu amadziŵa yekha kumene zikomo wake amapita.

Mwina mai wina amene akutimva waseka kale chamumtima, nkunena kuti, “Abambo, ine kunkhalango ndimapita katatu pa sabata, nanga bwanji msana sukupola?” Amai, mwafunsa bwino, ndipo funso lanu likuulula chinsinsi cha nkhani yonseyi. Inu mumaloŵamo mbandakucha, mtima uli m'mwamba kuopa alonda a nkhalango ndi anthu achipongwe, maso ali pa nkhuni zouma, maganizo ali pa ana amene mwaŵasiya osadya, ndipo mumatuluka ndi mtolo wothyola khosi. Mitengo ndi yomweyo, fungo ndi lomwelo, mbalame ndi zomwezo, koma uta uja sudakhwefuke. Chimene a ku Japan adayeza m'malovu ndi mitengo pamodzi ndi nthaŵi yopanda ntchito ndiponso mtima wopanda mantha. Ziŵiri zotsirizazi sizimera m'nkhalango, zimachokera kunyumba, kwa bambo ndi ana akuluakulu amene angathe kunena kuti, “Lero masana ano amai apume, nsima tiphika ife.”

Ndipo tisayese kuti kutopa kwa mtundu umenewu nkwa ku Tokyo kokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2009 adapeza kuti kuno ku Malaŵi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziŵa. Mphunzitsi, namwino, wogulitsa pamsika, mnyamata wosoŵa ntchito amene akungotembenuka pamphasa usiku, onseŵa maola aŵiri pa sabata pansi pa mitengo angaŵathandizeko, malinga apite aŵiriaŵiri, masana, atavala nsapato kuopa njoka, ndipo ngati ndi nkhalango ya boma atapempha chilolezo. Funso nlakuti, akapita kuti? Phiri la Ndirande lidayera m'zaka za m'ma 1990. Ku Dzalanyama boma lidachita kutumiza asilikali mu 2015 kuti akaletse ootcha makala. Pa phiri la Mulanje, oŵerenga mkungudza mu 2017 adapeza mitengo yokhwima 7 yokha. M'midzi yambiri msitu umene watsala ndi wa kumanda, kumene munthu sangakakhale pachitsa maola aŵiri osaitanidwa kubwalo la mfumu.

Ku Japan nakonso mitengo yakale kwambiri idapulumukira pa malo opatulika, koma ilipo nkhalango ina imene mbiri yake njosiyana. Pakati penipeni pa Tokyo, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Harajuku, pali nkhalango ya mahekitala pafupifupi 70 yozungulira kachisi wa Meiji Jingu, ndipo mlendo akaloŵamo amayesa kuti idalipo chilengedwere dziko. Chonsecho mfumu Meiji itamwalira mu 1912, malowo kwakukulu adali minda ndi chipululu. Ntchito idayamba mu 1915: anthu a m'zigawo zonse adapereka mitengo pafupifupi 100,000, ndipo achinyamata okwana 110,000 adagwira ntchito mongodzipereka mpaka kachisiyo adatsekulidwa mu 1920. Nduna yaikulu ya nthaŵiyo, Okuma Shigenobu, inkafuna mitengo ya sugi yoongoka ngati ya pa akachisi otchuka, koma katswiri wa nkhalango Honda Seiroku ndi anzake adakana, ponena kuti sugi sangapirire utsi wa mzinda ndi dothi louma la pamenepo. Adasakaniza mitengo ya paini yokula msanga ndi mitengo ya masamba aakulu yokula mochedwa, ataŵerengera kuti pa zaka 100 kapena 150 yochedwayo idzapitirira inzake nkuyamba kudzifesa yokha. Palibe mmodzi mwa iwo amene adayembekeza kudzaiona itatero. Mu 1945 mabomba adatentha kachisi, koma nkhalango idatsala. Mpaka lero osesa m'njira za m'menemo satentha masamba ogwa. Amaŵaola ndi kukaŵathira patsinde pa mitengo.